Payi wa kokonati m'kutentha kwa m'chigwa: wa mtanda, wopanda mtanda, kapena wa mabisiketi?

Amayi anzanga a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, payi wa kokonati ndi kasitadi ali ndi kaphikidwe katatu, ndipo aliyense amatamanda kake. Wina amakanda mtanda wa fulawa n'kuyala pansi pa mbale asanathire kasitadi. Wina amangosakaniza zonse pamodzi n'kuwotcha. Wachitatu sawotcha n'komwe, amayala mabisiketi ophwanya n'kuthirapo kasitadi wa m'paketi. Kukoma amakoma onse, koma malangizo ambiri amene timawerenga analembedwa ndi anthu okhala kozizira, okhala ndi filiji ndi uvuni wosonyeza madigiri. Ife tili ku Ngabu, ku Nchalo, ku Bangula, kumene mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40. Ndiye mlandu wa atatuwa tiugamule potengera khitchini ya kuno.

Wa mtanda ndiye wokongola pa tebulo, m'mphepete mofiirira, ndipo ukadula chidutswa chimaima bwinobwino. Mtandawo umafuna kapu imodzi ndi kota ya fulawa, theka la kapu ya batala kapena majarini, kamchere, ndi masupuni atatu kapena anayi a madzi ozizira. Chinsinsi chake n'chakuti mafutawo akhale olimba mpaka alowe pamoto, chifukwa tizidutswa take tikamasungunuka m'kati mwa uvuni ndi pamene mtanda umafewa n'kumayoyoka m'kamwa. Tsono batala amasungunuka pa madigiri 32 mpaka 35. Masana a kuno amakhala atasanduka mafuta musanamalize n'kufikisa komwe, mtanda umamata m'manja ndi pa botolo lopsinjira, mukawonjezera fulawa kuti usamate umatuluka wolimba. Komanso uyenera kuwotchedwa kaye wokha mphindi 12 mpaka 15 musanathire kasitadi, apo ayi pansi pamakhala nyepetenyepete. Ndi ntchito ziwiri, makala kawiri. Ngati muli ndi filiji, kapena ndi mu Juni ndi Julaye ndipo mwalawirira dzuwa lisanatuluke, upangeni, mudzasangalala nawo. Miyezi ina yonse ine sindiulimbikitsa.

Wa mabisiketi amakopa chifukwa cha kuphweka. Mumaphwanya paketi ya mabisiketi a Marie, kusakaniza ndi majarini wosungunula, kutsendera pansi pa mbale, kenaka kuthira kasitadi wolimba wophika ndi mkaka ndi kokonati. Kasitadi wa ufayu alibe mazira, ndi ufa wosalala wa chimanga wothira mtundu ndi fungo. Anamuyambitsa Alfred Bird ku Birmingham mu 1837 chifukwa mkazi wake mazira sankamuyanja. Ndiye ngati m'nyumba muli mwana amene mazira amamutulutsa zidzolo, payi wanu ndi ameneyu. Koma amalimba ndi kuzizira basi, maola anayi kapena kuposa mufiliji. Magetsi akathima pakati pake, mudya ndi supuni m'kapu. Kukoma kwakenso n'kopepuka, kokonati amangomveka patali.

Ine mtima wanga uli pa wopanda mtanda, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Mumatenga mazira 4, makapu awiri a mkaka, theka la kapu ya fulawa, makota atatu a kapu ya shuga, kota ya kapu ya majarini wosungunula, kapu imodzi ya kokonati wopala, kamchere ndi supuni yaing'ono ya vanila ngati alipo. Menyani mazira ndi shuga, thirani majarini, kenaka fulawa, mkaka pang'onopang'ono kuti pasakhale mibulu, kokonati pomalizira. Zimaoneka zamadzimadzi moti munthu woyamba kumene amada nkhawa, koma musawonjezere fulawa. Pamoto zinthuzi zimadzigawa zokha: fulawa amatsikira pansi n'kupanga kansalu kolimbirako, kokonati amayandama n'kufiira pamwamba, pakati n'kutsala kasitadi wofewa. Majarini amafunika wosungunuka kale, ndiye kutentha kwathu sikuwononga kanthu. Mbale ikhale ya masentimita 23 kukula kwake, yozama pang'ono, yopaka mafuta bwino.

Chimene amaperewera n'chakuti alibe kukhukhuluza kwa m'mphepete kumene wa mtanda ali nako, ndipo ukamudula akadali wotentha amaphwasuka. Mumudikire azizire ola lathunthu. Kwa ine zimenezo n'zazing'ono poyerekeza ndi fulawa ndi makala amene mwapulumutsa.

Tsopano kokonati weniweniyo, wa chigoba kapena wouma wa m'paketi? Kuno tili ndi mwayi umene a kumtunda alibe. Chigawo cha Zambezia ku Mozambique, kufupi ndi Quelimane, n'chodziwika ndi minda ikuluikulu ya kokonati, ndipo ife a ku Nsanje tayandikana nawo, malire a Marka ali pomwepa. Mukampeza pa msika, munyamuleni mumve kulemera, mumugwedeze pafupi ndi khutu. Madzi azimveka khutchukhutchu, ndipo timaso titatu tija tikhale touma, topanda nkhungu. Wopepuka wosalira kanthu musiyeni, kawirikawiri m'kati amakhala ataola. Mukaswa, palani mnofu ndi chopalira chija timapalira karoti, mbali ya timabowo ting'onoting'ono. Wamuwisiyu amanunkhira kwambiri ndipo amakhala wofewa m'payi. Komanso theka lina mutha kulikama: thirani madzi ofunda pa zopalazo, finyani pa kansalu koyera, mkaka wotulukawo ulowe m'malo mwa kapu imodzi ya mkaka wa ng'ombe. Payi wake amasiyaniratu. Vuto lake ndi limodzi, sachedwa kusasa. Mukapala m'mawa n'kusiya pa tebulo, pofika masana fungo lasintha. Palani nthawi yomwe mukufuna kuphikayo.

Wa m'paketi amasungika miyezi ndipo alibe ntchito, koma amamwa madzi a kasitadi n'kumveka ngati utuchi m'mano. Muviikeni mumkaka mphindi 15 musanasakanize. Muwerengenso paketiyo, ena amabwera othira kale shuga, ndiye muchepetse wanu.

Za mkaka sindichedwapo. Ng'ombe kuno zilipo zambiri, ndipo mkaka wokama umapanga kasitadi wonona kuposa wa ufa, bola muuwiritse kaye n'kuusiya uzizire, chifukwa wotentha umapsereza mazira n'kupanga timibulu. Wa ufa umagwiranso ntchito, ingosankhani wa mafuta onse, osati zoyeretsera tiyi zija.

Mkangano wina waukulu ndi wa moto. Uvuni wa magetsi kapena wa gasi ndi wosavuta: madigiri 180, mphindi 45 mpaka 55, basi. Koma ndi angati ali nawo? Mbaula imathanso kuwotcha payi, ndipo aliyense wodziwa kuwotcha chigumu wadziwa kale theka la ntchitoyi. Kusiyana kwake n'kwakuti chigumu chimapirira moto, pamene kasitadi wa mazira safuna ukali. Mazira amagwirana kutentha kukafika cha m'ma madigiri 80, ndipo akapitirira mpaka kuwira amachita timabowo n'kutulutsa madzi pansi pa mbale. Choncho mbale ya payi isakhale pa makala penipeni. Tengani sefuliya yaikulu yakale, thiranimo mchenga wouma wa ku mtsinje wofika zala zitatu, vindikirani, itenthe mphindi 15. Kenaka khazikani mbale ya payi pa mchengawo, vindikirani ndi lata kapena chivindikiro chachitsulo, n'kuika makala pamwamba. Makala a pamwamba achuluke kuposa a pansi, ndipo a pansiwo akhale oti ayamba kale kuchita phulusa. Muwayale m'mphepete mwa chivindikiro, chifukwa mukawaunjika pakati kokonati amada pamwamba m'kati musanapse. Pakatha theka la ola suzumirani, ndipo potsegula kokerani chivindikiro cham'mbali mosamala phulusa lisagwere m'kati.

Ena amagwiritsa ntchito madzi m'malo mwa mchenga, mbale n'kukhala pa timiyala titatu m'sefuliya ya madzi owira pang'onopang'ono. Kasitadi wake amatuluka wosalala kuposa njira zonse ndipo n'kovuta kumupsereza, koma pamwamba pamakhala poyera, kokonati osafiira. Wophika motere akazinge kokonati pang'ono pa chiwaya chouma n'kuwaza pamwamba pomaliza. Pakati pa ziwirizi ndimasankha mchenga, chifukwa fungo la kokonati wofiira ndilo limaitana anthu ku khitchini.

Kudziwa kuti wapsa n'chimodzimodzi pa moto uliwonse. Bayani mpeni chapakati pa m'mphepete ndi pakatikati, utuluke woyera. Mukagwedeza mbale, pakati penipeni pazinjenjemera pang'ono. Muphuleni pomwepo, amamaliza kulimba ndi kutentha kwake komwe.

Chinthu chimodzi chimawakhudza onse atatu, ndipo apa ndikupemphani musanyalanyaze. Chakudya cha mkaka ndi mazira sichiyenera kukhala panja kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kuposa madigiri 32 ndi ola limodzi lokha chikazizira. Kuno ndiye kuti pafupifupi tsiku lililonse la chilimwe. Ngati mulibe filiji, musaphike wa mawa, ndipo musamunyamule pa minibasi kuchoka ku Bangula kupita naye ku chinkhoswe ku Dyeratu. Werengani anthu amene alipo, mbale imodzi imakwana anthu 8, muphike madzulo dzuwa litapendeka, adyedwe yense usiku womwewo. Ngati pakhomo muli anthu anayi okha, gawani muyeso pakati: mazira awiri, kapu imodzi ya mkaka, mbale yaing'ono, ndipo muyambe kubaya mpeni pakatha mphindi 30.