Dzino linazulidwa, koma ululu sukutha: magazi achoka pabala kapena bala latukusira?

Zinthu ziwirizi anthu amazisokoneza, chonsecho chithandizo chake n'chosiyana.

Choyamba ndi dry socket. Dzino likazulidwa, magazi amaundana m'dzenjemo n'kuphimba fupa. Akachoka msanga, fupa limakhala pamtunda. Ululu umayamba pakapita masiku 2 mpaka 4, pomwe munthu umati zayamba kupola, ndipo umalasa mpaka kukhutu. M'kamwa mumanunkha. Ukayang'ana pagalasi, dzenjelo limaoneka lopanda kanthu, mwina kafupa koyera pansi. Zimachitika kwambiri pa mano akumbuyo a m'munsi, makamaka kwa osuta fodya ndi amene amachukucha m'kamwa mwamphamvu tsiku loyamba. Apa maantibayotiki sathandiza kwenikweni. Dokotala wa mano amatsuka dzenjelo n'kuikamo mankhwala, ululu n'kuchepa.

Chachiwiri ndi kutukusira kwa bala. Bala likalowa tizilombo, tsaya limatupa, mafinya amatuluka, thupi limatentha, nthawi zina pakamwa pamakanika kutsegula. Ichi ndiye chimandiopsa kwambiri, chifukwa kutupako kukhoza kutsikira kukhosi. Ngati mukuvutika kumeza kapena kupuma, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala usiku womwewo.