Thanki ya makorali ya malita 60: galasi ndi labwino, koma hydrometer yake itayeni

Thankiyi ndikuipatsa nyenyezi zitatu, ndipo yachitatuyo ndi ya mtsikana wogwira ntchito m'sitolomo. Mwini sitolo asaiwerengere ngati yake.

Bokosi lake ndi lomwe lija amalitsatsa kuti ndi la ongoyamba kumene: thanki ya malita 60, pampu, hita, nyali ya LED, thumba la mchere, ndi ka hydrometer kapulasitiki kokhala ndi kamuvi koyezera mchere m'madzi. Mtengo wake mukuudziwa, si wamasewera, ndipo miyala, mchenga ndi madzi a RO (madzi osefedwa kwambiri, opanda mchere) mumagula padera. Zonsezo ndinavomera ndi mtima umodzi.

Sindinapupulume ayi. Ndinadikira kuti thanki ikhwime, mabakiteriya akhazikike m'miyala mpaka azisandutsa ammonia, poizoni wochokera ku zinyansi za m'madzi, kukhala nitrite, nitrite kukhala nitrate. Ammonia ndi nitrite zitafika pa ziro, ndere zabulauni zimene zimabwera m'thanki iliyonse yatsopano nazo zitayala pamchenga, ndinakagula nkhono zoti zidye nderezo, cleaner shrimp imodzi (kanyama ka m'nyanja ka mtundu wa nkhanu) ndi timakorali tofewa ta zoanthid. Kutentha kunali pa madigiri 25. Kamuvi ka hydrometer kanali pa 1.025, pomwe aliyense amati mpoyenera.

Shrimp ndinaizolowetsa madzi pang'onopang'ono, dontho ndi dontho, ndisanaiike. Kutacha ndinaipeza ili gada kuseri kwa mwala. Nkhono zinayamba kugwa pagalasi imodzi imodzi osadzukanso, ndipo nkhono yakufa m'thanki yaing'ono ngati iyi imanunkha moti nyumba yonse imadziwa. Makorali anangotseka, kukhala timfundo tokhwinyata. Ndinayeza ammonia, ziro. Nitrite, ziro. Mchere, 1.025. Ndiye chikupha n'chiyani?

Ndinatunga madziwo m'botolo n'kubwerera kusitolo. Mwini sitoloyo sanalikhudze n'komwe botololo. Anangoti, "Bambo, nyama zathu zimachoka pano zili bwinobwino. Mwina munathira madzi apampopi, mwina munagwira m'madzi ndi manja a sopo." Ndinawauza kuti madzi a RO ndinagula kwa iwo omwewo, lisiti ndili nalo. Iwo anayamba kundifotokozera kuti kuweta za m'nyanja ya mchere si kwa aliyense. Pamaso pa makasitomala ena! Ndinapsa mtima kwambiri, makamaka pokumbukira kuti ndi bambo omwewa amene tsiku logula thanki ankandikakamiza blue tang, nsomba yomwe ikakula imapitirira masentimita 25 ndipo imafuna malo osambira a malita mazanamazana. M'malita 60? Pamenepo sankaona kuti si za aliyense.

Ndikutuluka, mtsikana amene amasamala mathanki kumbuyo uja ananditsatira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Abambo, tabweretsani madziwo ndione." Anadontheza timadontho pa refractometer, chipangizo china choyezera mchere, kusuzumira, n'kundipatsa kuti ndione ndekha. Mzere unali pa 1.031. Anayezanso madzi a m'thanki yawo momwe shrimp ija inachokera, 1.025. Kenako anatenga hydrometer yanga, yomwe ndinali nayo m'thumba, n'kuiviika m'madzi awowo. Kamuvi kanaima cha pa 1.019. Ndiye kuti kuyambira tsiku loyamba ndinkathira mchere wambiri kuti kamuvi kabodzaka kafike poyenera.

Anandifotokozera bwino, mopanda kundichititsa manyazi. Nsomba zimatha kudziwongolera mchere wa m'thupi mwawo, n'chifukwa chake zimapirirako. Nkhono ndi makorali sizitero, madzi a m'thupi mwawo amangotsatira madzi amene zilimo, ndipo shrimp nayo siichedwa kugonja mchere ukasintha mwadzidzidzi. Kuwonjezera apo, thanki imeneyi ilibe chivindikiro. Madzi amauma tsiku lililonse koma mchere suuma nawo, umatsalira, ndipo m'malita ochepa chonchi mchere umakwera msanga. Kabuku ka m'bokosi kamangoti muziwonjezera madzi akachepa, osanena kuti akhale madzi a RO opanda mchere. Ine izi ndinali nditawerenga kwina, koma munthu wongodalira kabukuko atha kumathira madzi a mchere pamwamba pa mchere. Anandiuzanso kuti tima hydrometer ta kamuvi timeneti, ngakhale kabwino, kamanama thovu likamatirira pakamuvi kapena mchere ukaumirapo. Nanga n'kuikiranji chinthu chotere m'bokosi la anthu osadziwa?

Ndinagula refractometer ndi kabotolo ka madzi a 35 ppt (magawo 35 a mchere pa 1,000) oiwongolera. Mchere ndinautsitsa pang'onopang'ono, kuchotsa madzi pang'ono n'kubwezera a RO, kwa masiku angapo, chifukwa kutsitsa kamodzin'kamodzi kukanamaliza zotsalazo. Ma zoanthid anatsegukanso onse. Apa mtima unayamba kutsika, ndipo ndiyenera kunena chilungamo: thanki payokha ndi yabwino. Galasi ndi loyera, silikoni anamata mwaukhondo, sikudontha paliponse. Chipinda cha sefa chili kumbuyo kotero pampu ndi hita sizioneka. Pampu ndi yachete moti usiku mumaiwala kuti ikuyenda. Nyali ndi yokwanira makorali ofewa, ma zoanthid, ma mushroom ndi green star polyps, ndipo kuwala kwake kwa buluu kumatulutsa mitundu yawo bwino kwambiri. Makorali olimba a Acropora musayese, nyaliyi ndi yochepa mphamvu. Hita imasunga madigiri 25 osagwedezeka, ngakhale ndinaikamo thermometer yapadera, poti chidaliro pa zinthu za m'bokosili chinatha.

Panopa muli tinsomba tiwiri ta clownfish ta ocellaris, tikudya bwino. Madzi ndimasintha gawo limodzi mwa magawo 10 sabata iliyonse, ndipo pagalasi ndinaikapo kachizindikiro kuti ndizidziwa powonjezera a RO madzulo. Mtsikana uja ndi amenenso anandichenjeza kuti ndizivala magolovesi ndi kuteteza maso pogwira ma zoanthid, chifukwa ena ali ndi poizoni wa palytoxin woti akhoza kukugonekani m'chipatala. Mwini sitolo anandigulitsa makoraliwo osatchulako.

Shrimp ndi nkhono zanga sanabweze. Nditawaonetsa manambala aja anati hydrometer sapanga ndi iwo, ndikadandaule kwa opanga. Ndinalembera opangawo, anayankha mwaulemu n'kunditumizira hydrometer ina yofanana ndi yoyamba ija. Mabokosi omwewo akadali pashelefu m'sitolomo, ndipo ulendo wapitawu ndinamva bambo aja akuuza mayi wina ndi mwana wake kuti chilichonse chofunika chili momwemo.