Sikana ya Epson V850 pa zithunzi zakale za pagalasi: zomwe taona patatha miyezi isanu ndi itatu ku Chipata

Mu Ogasiti tinalemba kuti sikana ya Epson Perfection V850 Pro ikuoneka yoyenera ntchito ya manegativi a pagalasi, aja ojambulidwa pamene tauni ino inkatchedwa Fort Jameson. Lero tili mu Epulo. Makinawa apirira fumbi la Okutobala ndi mvula yonse ya dzinja, ndipo tikuwayamikirabe. Koma pa maola asanu alionse a ntchito, anayi amathera patebulo, galasi lisanafike n'komwe pa sikana.

Yambani ndi kudziwa chimene mwagwira. Mishoni ya Magwero, pafupi ndi Chipata, inayamba mu 1899, pamene njira yakale ya collodion ya 1851 inali itasiyidwa kale, choncho pafupifupi galasi lililonse lojambulidwa kuno ndi la gelatin. Mudzalizindikira: n'lopyapyala, lodulidwa mowongoka ndi makina. Mbali imodzi imanyezimira, ndiyo galasi lenileni. Mbali ina ndi yosawala, ndiyo emulsion, kakhungu ka gelatin kamene kasunga chithunzi chonse. Kakhunguka kamamwa madzi n'kufufuma, kakauma kwambiri kamakakamala n'kuyamba kusupuka m'mphepete. Mavuto onse amene takumana nawo achokera pamenepa.

Magolovesi a nsalu tinawasiya mwezi woyamba womwewo. Amaterera pagalasi, ndipo ulusi wake umakola tizidutswa ta emulsion tomwe tatukuka. A nitrile, mtundu wa labala, opanda ufa ndiwo abwino. Gwirani m'mphepete ndi manja awiri, patebulo poyalidwa chofewa, galasi limodzi nthawi imodzi.

Kutsuka ndiko kumafuna mtima wodekha. Ku mbali ya emulsion timangopemerera ndi kampopu ka labala. Burashi yofewa timaigwiritsa ntchito pokhapokha tayang'ana ndi tochi yowalitsa cham'mbali n'kuona kuti palibe posupuka. Madzi asafikeko, ngakhale dontho. Ku mbali ya galasi timasakaniza ethanol ndi madzi a distilled, theka ndi theka, n'kunyowetsa pang'ono kathonje kokulunga pa kamtengo, kupukuta kuchokera pakati n'kulekeza patsala mamilimita atatu kuti mufike m'mphepete, chifukwa madzi akafika m'mphepete amazungulira okha kupita kuseri. Spiriti wa papo uja wa m'mashopu musamuyese: ali ndi utoto ndipo amasiya litsiro. Musanapukute, yang'anani bwino ngati wojambula sanapakepo utoto wofiira kapena wakuda, kapena kumata kapepala kophimba thambo. Zimenezo si litsiro, ndi dzanja la mwini chithunzi, ndipo zikachoka sizibwerera. Kunyezimira kwa buluu kumene kumaoneka m'mphepete mwa emulsion nakonso kusiyeni. Ndi siliva amene wakwera pamwamba chifukwa cha chinyezi ndi mpweya woipa, ndipo mukapukuta mwapukuta chithunzi.

Tsopano pa sikana. Makinawa ali ndi malenzi awiri. Mukasankha kusikana ndi film area guide, kafelemu kaja koyala pagalasi la sikana, imagwira ntchito ndi lenzi yomwe imaona bwino pagalasi la sikana penipenipo, ndipo malo ake ndi mainchi 8 x 10, okwanira masaizi a magalasi otchedwa quarter plate, half plate ndi whole plate yomwe. Poyamba tinkagoneka mbali yonyezimira pansi poopa kukanda emulsion. Zotsatira zake zinali ziwiri: chithunzi chosathwa, chifukwa emulsion yakwera m'mwamba ndi kuchindikala kwa galasi, ndi mizere yozungulirazungulira ngati mafuta a galimoto pa chithaphwi, imene imabadwa magalasi awiri akakhudzana. M'dzinja mizereyi inachuluka. Tsopano emulsion imayang'ana pansi koma siikhudza kanthu: timadula timizere tiwiri ta katoni yopyapyala, ngati theka la milimita, n'kutsamiritsapo m'mphepete mwenimweni. Chithunzi chimatuluka chotembenuka, dzanja lamanja kumanzere, ndiye mukumbuke kuchitembenuza pa kompyuta. Mukaiwala, chikwangwani cha sitolo chimawerengeka chobwerera m'mbuyo, ndipo pomwe palibe zolemba palibenso amene adzazindikire kuti phiri laima kolakwika. Galasi lomwe emulsion yake ikusupuka sitiliyang'anitsa pansi konse. Limenelo limagona chagada pa bokosi la nyali n'kujambulidwa ndi kamera kuchokera pamwamba.

Kumtunda kwa film area guide kuli kampata komwe makina amayezerapo kuwala asanayambe. Kafumbi kamodzi kakagwa pamenepo, mzere umatsika chithunzi chonse kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mu Okutobala, mphepo ikamaulutsa fumbi lofiira, tinkapukuta kampataka tisanaike galasi lililonse, mawindo ali otseka ngakhale kukutentha. Digital ICE, njira ya sikanayi yochotsera fumbi pa chithunzi, muizimitse. Imasaka fumbi ndi kuwala kwa infrared, koma siliva wa chithunzi chakuda ndi choyera imamuyesa fumbi n'kumuwononga.

Timasikana pa 1200 dpi, 16-bit greyscale, TIFF, popanda kunola kapena kukonza kalikonse, ndipo m'mphepete monse muoneke chifukwa ojambula ankakanda manambala mmenemo. Half plate imodzi imatulutsa failo ya pafupifupi 90 MB. Kukwera kufika 4800 dpi kumangodzaza hard drive. Gulani UPS, batire yosunga magetsi, ngakhale yaing'ono, kuti magetsi akathima mumalize galasi lomwe lili pa makina m'malo molinyamula kawiri. Kunyamula kulikonse ndi mpata woti lisweke.

Chimene chatiphunzitsa kwambiri ndi Januwale. Kachipangizo koyezera chinyezi kankapitirira 70 peresenti masiku ambiri, pomwe magalasiwa amafuna 30 mpaka 40, ndipo chuku chimayamba kudya gelatin chinyezi chikakhalitsa pamwamba pa 65. Chipinda chonse sitingachiumitse, ndiye tinaumitsa mabokosi: a pulasitiki otseka bwino, muli silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, ndi kachoyezera kake, silica akakhuta timamuumitsa mu uvuni. Mabokosi akhale pa shelefu, kutali ndi khoma lakunja ndi pansi pomwe chiswe chimadzera. Mphemvu nazo zimadya gelatin ndi guluu wa malebulo.

Maenvelopu olowetsa cham'mbali tinawataya onse, chifukwa polowetsa ndi potulutsa amapala emulsion. Galasi lililonse tsopano lili m'pepala lopinda mbali zinayi, la mtundu wopambana mayeso a PAT, oona ngati pepala silingawononge chithunzi, ndipo nambala timalemba ndi pensulo galasi lisanalowe. Amaima chilili pa mbali yaitali, a saizi imodzi pamodzi, ndi katoni yolimba pakati pa magalasi asanu alionse. Osawasanjikiza ngati mbale, apansi amasweka ndi kulemera. Osweka kale amagona chogona m'katoni yogobedwa molingana ndi chidutswa chilichonse kuti zisakhudzane. Selotepi ndi guluu ayi. Zidutswazo timazisikana zili motalikirana pang'ono, n'kuzilumikiza pa kompyuta.

Amene muli ndi magalasi osakwana mainchi 8 x 10 ndipo emulsion yake ili yolimba, sikanayi ikukwanirani. Koma pa bajeti yanu, mapepala opinda, silica gel ndi choyezera chinyezi zibwere sikana isanabwere, ndipo ntchito yaikulu muiike pakati pa Meyi ndi Ogasiti, mvula itatha, fumbi lisanakule.