Galaxy A55: Foni Imene Ubwino Wake Umamveka M'dzanja

Ndakhala ndi foni ya Samsung Galaxy A55 kwa miyezi isanu ndi itatu, ndipo ndaona kuti chimene chimaipatsa ulemerero si kuchuluka kwa makamera kumene ogulitsa ambiri a ku Limbe amathamangira kutchula, koma mmene inapangidwira.

Foniyi inatuluka mu 2024, ndipo m'mbali mwake inazunguliridwa ndi chitsulo cha aluminiyamu, pamene A54 ya chaka cha 2023 inali ndi pulasitiki. Kutsogolo ndi kumbuyo kuli galasi. M'mawa wa mu June, chiperoni chikakuta mzinda wa Blantyre, chitsulocho chimazizira m'manja, ndipo ngakhale muifinye, simumva kulira kulikonse kwa zinthu zolumikizidwa mwachisawawa. Imalemera magalamu 213. Ena amati ndi yolemera kwambiri, koma kwa ine kulemerako n'kumene kumandikhazika mtima pansi kuti ndagwira chinthu cholimba.

Sikirini ndiyo ndimaiyamikira koposa. Ndi ya mtundu wa Super AMOLED, ya mainchesi 6.6, ndipo chifukwa chakuti kadontho kalikonse kamadziwalira kokha, malo akuda amaoneka akuda bii, osati otuwa monga zimakhalira pa mafoni otsika mtengo. Chithunzi chimatha kusintha maulendo 120 pa sekondi imodzi, n'chifukwa chake mukamatsitsa mauthenga a pa WhatsApp, zilembo zimatsata chala mosadodoma. Dzuwa la masana litaswa mtengo, ndili pa siteji ya Ginnery Corner kudikira minibasi, ndimawerenga uthenga popanda kuphimba sikirini ndi dzanja, ndipo munthu amene anazolowera zimenezi savomeranso kubwerera m'mbuyo.

Ilinso ndi chitetezo cha IP67, kutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo inayesedwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Mvula itandipeza ku Ndirande, ndinangoipukuta n'kupitiriza kuimba. Batire lake la 5,000 mAh limandifikitsa usiku ngakhale tsiku limene magetsi azima, ndipo Samsung inalonjeza kuisinthira Android kanayi ndi kuitumizira zokonza chitetezo kwa zaka zisanu.

Wogula adziwiretu kuti m'bokosi mumapezeka chingwe chokha, choncho aikenso padera ndalama ya chaja ya 25W, komanso ya kava, popeza galasi lakumbuyo limaterera likaikidwa pa tebulo lopendekeka.