Sisitimu ya mashopu athu pa cloud, patatha chaka

Bilu ya mwezi uno ya sisitimu ya kompyuta yoyendetsera mashopu athu ndi imene yandichititsa kulemba. Timagulitsa zipangizo zaulimi pa Dedza boma, ku Lizulu ndi ku Tsangano, ndipo chaka chatha kampani ina ya ku Lilongwe inatipangira sisitimu. Anaigawa m'zigawo zomwe iwo amati ma microservices: cha malonda, cha katundu, cholandira ndalama za Airtel Money ndi Mpamba, ndi cha ma SMS. Chilichonse chili ndi database (mosungira zolembedwa) yakeyake, zonse pa cloud, kutanthauza pa maseva (makompyuta akuluakulu) obwereka pa intaneti a AWS, nthambi ya kampani ya Amazon, ku Cape Town.

Malipoti ndimawaona pafoni. Cha ma SMS chitafa, malonda anapitirira ngati palibe chachitika, ndipo tsiku limenelo ndinawayamikira anyamata a kampaniyo.

Mutu umandiwawa ndi katundu. Tikagulitsa chinthu, cha malonda chimasiya uthenga pamzere wodikirira, cha katundu n'kudzautenga kuti chichotsere chomwe chagulitsidwacho. Chotengacho chikachedwa kuvomera kuti chalandira, mzerewo umaperekanso uthenga womwewo. Ndi mmene mizere yotere imagwirira ntchito, ndipo womanga amayenera kuika nambala pa uthenga uliwonse kuti wobwereza uzitayidwa. Iwo sanaike. Mu Disembala, alimi ali pikitipikiti kufuna fetereza wobereketsa, mtsikana wa ku Tsangano ankagulitsa matumba 10 a Urea, sisitimu n'kuchotsa 20. Poganiza kuti fetereza akutha ku Tsangano, tinatumiza lole pamsewu wamatope uja, dalaivala n'kupeza matumba ali mulu mpaka kudenga, pomwe ku Lizulu anthu akubwerera chimanjamanja.

Ndiye ndalama. Bilu imabwera m'madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 dola ndi yowawa, kuipeza kubanki n'kovutanso. Zigawo zonse ndi ma database ake zimayaka usiku ndi usana, ngakhale mu Juni pamene tikugulitsa mbewu ya kabichi ndi mankhwala a mbatatesi basi. Mashopu atatu ankafunikiradi zonsezi? Pulogalamu imodzi pa seva imodzi ikanatikwanira.

Nditawaimbira a kampani ija anati, "Bwana, tinamanga poganizira kuti mudzakula." Za uthenga wobwereza akuti n'zokonzeka, koma ndi ntchito yatsopano, ndilipire padera. Ndakana. Chomwe chinalakwika pomanga akonze okha, ndipo ndalama yawo ya mwezi ndi mwezi ndaigwira kaye mpaka atakonza ndi kundipatsa mapasiwedi a akaunti ya cloud, yomwe mpaka lero ili m'dzina lawo.