Maphunziro a Vipassana a masiku 10: mphamvu yake ndi pomwe amaperewera

Maphunziro a Vipassana, njira yosinkhasinkha yochokera ku chiphunzitso cha Buddha, amene anakhazikitsa S. N. Goenka ndi aulere. Chakudya, pogona ndi kuphunzitsidwa simulipira. Zonse zimayenda ndi zopereka za anthu amene anamaliza kale maphunzirowa. Goenka anabadwira ku Burma (lero Myanmar) mu 1924, anaphunzira kwa U Ba Khin, mphunzitsi wa kusinkhasinkha wa komweko, ndipo anayamba kuphunzitsa ku India mu 1969. Anamwalira mu 2013, koma mawu ake ndi amene amamvekabe m'holo, pakuti malangizo onse ndi ojambulidwa. Aphunzitsi othandizira amayang'anira ndi kuyankha mafunso.

Ndandanda yake ndi yokhwima. Belu limalira 4 koloko m'bandakucha, kusinkhasinkha kumayamba 4:30, ndipo pofika 9 koloko usiku mwakhala pansi maola pafupifupi 10. Chakudya, chopanda nyama, chimabwera 6:30 m'mawa ndi 11 koloko. Madzulo ongoyamba kumene amangolandira tiyi ndi zipatso. Foni, mabuku ndi zolembera mumasiya pofika. Amuna ndi akazi amakhala padera, ndipo simulankhula ndi ophunzira anzanu, ngakhale ndi manja, mpaka m'mawa wa tsiku la 10.

Chimene tayamikira kwambiri ndi mmene masikuwo anawasanjira motsata zigawo zitatu za njira ya Buddha. Choyamba ndi sila, malonjezo asanu: osapha, osaba, osagonana, osanama, osamwa zoledzeretsa. Chachiwiri ndi samadhi, kukhazikitsa mtima. Masiku atatu oyamba mumangotsatira mpweya pamene ukulowa ndi kutuluka m'mphuno, osausintha. Tsiku lachinayi ndi pamene Vipassana yeniyeni imayamba: kuyendetsa maganizo kuchokera pamutu mpaka kuzala za kumapazi, kuzindikira kutentha, kuyabwa, dzanzi kapena ululu, osazikankha komanso osazikakamira. Buddha, pa ulaliki wake woyamba ku Sarnath, m'dziko la India, anaphunzitsa kuti gwero la kuvutika ndi chilakolako. Apa mfundoyi mumaiona pabondo lanu lomwe: ululu umabwera, umasintha, umapita. Kusakhalitsa kumeneku amakutcha anicca, ndipo kukuona ndi thupi ndiye chiyambi cha chigawo chachitatu, nzeru.

Zovuta zake n'zodziwika. Kuyambira tsiku lachinayi pamakhala maola atatu patsiku, ola limodzi nthawi iliyonse, amene mumayesetsa kusasuntha miyendo ndi manja, ndiponso kusatsegula maso. Ambiri amaganiza kuti kupirira kulikonse ndi phindu, n'kuvulaza mawondo. Ululu wobaya m'mfundo si wofunika kuuumirira. Pemphani mpando kapena chotsamira. Tulo ta masana nthawi zambiri timabwera chifukwa chodya mopitirira muyeso pa 11 koloko poopa njala ya usiku. Msampha wina ndi wobisika: thupi likamva kupepuka kokoma, munthu amayamba kukusakasaka pa ola lotsatira, ndipo chilakolako chija chabwerera. Amene ali ndi matenda a maganizo anene zoona pa fomu yolembetsera, chifukwa chete wautali chonchi angadzutse zimene zinagona, ndipo malowa si chipatala.

Pomwe maphunzirowa amaperewera ndi apa. Amanena kuti njirayi si ya chipembedzo chilichonse, komabe chiphunzitso chake n'chochokera ku Theravada, nthambi ya Chibuda yotsatidwa ku Burma, ndipo nyimbo zopempherera ndi za m'chiHindi ndi m'chiPali, chinenero chakale cha malemba a Chibuda. Za nthambi zina za Chibuda, monga Mahayana ya ku China, Korea ndi Japan, ndi cholinga chake cha bodhisattva (munthu wofunafuna kuunikiridwa kuti athandize zamoyo zonse), kapena Vajrayana ya ku Tibet, simudzamva zogwira mtima. Wofuna kudziwa Chibuda chonse adzafunika kuwerenganso kwina. Dziwaninso kuti mapemphero ndi miyambo ina amapempha kuti muiyimitse masiku onsewo.

Kulembetsa ndi pa dhamma.org. Mumafika madzulo tsiku loyamba lisanakwane ndi kuchoka m'mawa wa tsiku la 11, choncho patulani masiku 12.