The Big Issue: magazini yoyenera kugula, ngakhale lendi siingakwane

Mukapereka ndalama kwa munthu wovala chijekete chofiira amene akugulitsa The Big Issue pakhomo la siteshoni ya sitima ku London, magaziniyo muzitenga. Ambiri satenga ayi. Amangomusiyira ndalama m'manja, "sungani bambo", n'kumapita mtima uli mbee. Bambo amene ndimawagula ine zimenezi sizimawasangalatsa. Amati iwo ndi wamalonda, ndipo wamalonda amakondwa katundu akamatha, osati kubwerera naye madzulo atanyowa ndi mvula.

The Big Issue, magazini yogulitsidwa m'misewu ndi anthu osowa pokhala komanso ovutika, inayamba mu September 1991. Anaiyambitsa ndi John Bird, yemwe ali mnyamata anagonapo m'misewu n'kulowapo m'ndende, pamodzi ndi Gordon Roddick wa kampani ya The Body Shop, amene anaona anthu osowa pokhala akugulitsa nyuzipepala ya Street News ku New York. Kuyambira 1993 imatuluka mlungu uliwonse. Wogulitsa amapatsidwa baji ndi malo ake oimapo, amapikula magazini pa theka la mtengo wolembedwa pachikuto, theka linalo n'kukhala phindu lake.

Zam'kati ndi zowerengeka ndithu, si zongogulira chifundo. Ine ndimathamangira tsamba limene anthu otchuka amalankhula ndi mwana amene iwo anali ali ndi zaka 16. Pamenepo nduna ndi oimba amaulula mantha amene pa wailesi sangawatchule. Kenako ndimapita pa tsamba limene wogulitsa mmodzi amafotokoza za malo ake, makasitomala ake ndi galu wake ngati ali naye. Nkhani za kukwera kwa lendi ndi za alandilodi othamangitsa anthu m'nyumba amazilemba mosapsatira mawu. Chimene chimanditopetsa ndi nkhope za anthu a m'mafilimu pachikuto, koma ndikumvetsa, nkhope yodziwika ndi imene imaimitsa munthu wothamangira sitima.

Chinanso chimene anachita bwino ndi timakina tolipirira pa khadi. Anthu ambiri a mumzindawu sayendanso ndi ndalama m'thumba, ngakhale mabasi anasiya kulandira ndalama zapamanja mu 2014. Bambo aja kamakina kawo amakamangirira pa chingwe cha baji, zala zitauma ndi chisanu, n'kukalozetsa kwa iwe usanayambe n'komwe kupapasa m'matumba. Koma kuti munthu akhale nako pamafunika foni ndi akaunti ya kubanki, ndipo banki imafuna chiphaso ndi adilesi. Wogona pakhonde la sitolo adilesi aitenga kuti? Apa ogwira ntchito ku magaziniyi amathandiza ogulitsa kulongosola mapepala, ndipo kwa ine thandizo limeneli likuposa magazini yeniyeniyo.

Pamene ndimakayikira ndi pa funso lalikulu, loti kodi malondawa amachotsa munthu mumsewu. Amamupatsa ya chakudya, ya foni, chifukwa chodzukira m'mawa, ndi anthu omupatsa moni pomutchula dzina. Lendi ya chipinda ku London phindu la magazini silingaifike, olo munthu ataima kuyambira m'bandakucha. Komanso malondawa amafuna munthu woti mutu ukuyenda bwino, wotha kusunga mpamba. Amene mowa kapena matenda a maganizo am'gwetseratu, jekete lofiira salifikira.

Mu March 2020 zinaoneka poyera. Mliri wa Covid-19 utatseketsa mzinda, ogulitsa anachotsedwa m'misewu ndipo magazini inayamba kupezeka m'masitolo akuluakulu. Nthawi yomweyo boma, kudzera mu ndondomeko ya Everyone In, linauza makhonsolo kuti aliyense wogona panja apezeredwe chipinda, ndipo anthu masauzande analowa m'mahotela m'masiku owerengeka. Ku Finland anayamba kale mu 2008 kupereka kiyi wa nyumba kwa osowa pokhala poyamba, osayamba auza munthu kuti asiye kaye mowa. Ku Helsinki, chinyumba cha Salvation Army cha pa msewu wa Alppikatu, momwe munkagona anthu pafupifupi 250 mothithikana, anachisandutsa timanyumba ta munthu payekhapayekha. Zoterezi wochita ndi boma, magazini singazithe.

Kugula ndipitiriza, ndipo nanunso gulani, bola muone kaye baji. Mukaona munthu atagona panja usiku wa chisanu, ameneyo magazini simuthandiza. Lowani pa webusaiti ya StreetLink, mulembe malo enieni amene mwamuona ndi nthawi yake, kuti ogwira ntchito zoyendera anthu m'misewu akam'peze.